Pule Ikayamba Kuvina pa Mseu wa kwa Makanjira

Munthu wochokera pa boma la Mangochi kupita kwa Makanjira amaoloka mtsinje wa Shire, nakhotera kumpoto, nayenda makilomita pafupifupi 100, nyanja ili kumanzere, mapiri a Namizimu ali kumanja. Amadutsa pa Malindi ndi pa Lungwena asanafike kwa Makanjira, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Kwa zaka zambiri mbali yaikulu ya mseu umenewu yakhala ya fumbi ndi mchenga m'chilimwe, ya matope m'dzinja, ndipo mitsinje yotsika m'mapiri yakhala ikukokolola milatho kaŵirikaŵiri. Magalimoto amene apirira mseu wotere ndi akale aja a dizilo: mapikiapu onyamula usipa ndi utaka wouma, maminibasi, ndi timalole tosenza chimanga, simenti ndi anthu pamodzi. Ndiwo amathamangira ndi wodwala ku chipatala cha pa boma pakati pa usiku, ndiwonso amafikitsa nsomba kumsika mtengo usanagwe.

Nkhani ya sabata ino ikunena za chitsulo chimodzi chimene eni magalimoto ameneŵa sachiganizira kufikira tsiku limene chaŵagoneka panjira. Amakaniko amachitcha pule ya kirankishafuti, kapena kungoti pule yakutsogolo. Munthu akatsekula boneti, nasuzumira pansi pakati pa injini ndi rediyeta, amaona gudumu lachitsulo lalikulu ngati mbale ya ndiwo, lokhala ndi ngalande m'mphepete mwake mmene mumadutsa malamba. Gudumu limenelo ndiyo pule. Yamangidwa ndi bauti imodzi yokha, yaikulu, kunsonga kwa kirankishafuti, chitsulo chokhotakhota chija chimene chimalandira mphamvu ya mapisitoni ndi kuisandutsa kuzungulira. Kumbuyo kwa injini mphamvuyo imapita ku magiya ndi ku matayala. Kutsogolo imatulukira pa pule, niloŵa m'malamba.

Malambawo ntchito yao njaikulu. Amazunguza olitaneta imene imadzaza batire. Pa injini zambiri amazunguzanso pampu ya madzi ndi fani zimene zimaziziritsa injini, ndiponso pampu yofeŵetsa chiongolero. Pali ntchito inanso imene madalaivala ena saidziŵa. Injini ya petulo imayamwa mpweya mwa njira yakuti mabuleki amapeza pomwepo mphamvu yoŵathandiza. Injini ya dizilo siitero, motero ili ndi kapampu kakekake kokoka mpweya, kothandiza mabuleki. Pa injini zakale zambiri za ku Japan, monga 2L ndi 3L za Toyota, kapampu kameneka kali kumbuyo kwa olitaneta, ndipo kamagwira ntchito pokhapokha olitanetayo ikuzungulira. Ndiye kuti pule ikataya malamba, dalaivala amaponda buleki kaŵiri kapena katatu bwinobwino, kenaka chopondera chimauma gwa. Mabuleki amagwirabe, koma amafuna mwendo wamphamvu kwambiri, ndipo galimoto yodzaza matumba ikakhala pa mtsetse siyembekeza munthu.

Choopsa china nchakuti injini yakale ya dizilo siizima zimenezi zikachitika. Mafuta ake sayaka ndi moto wa mapulagi ngati a petulo. Amayaka okha chifukwa cha kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Ikangolira, magetsi amene imafuna ngochepa zedi, ongotsekulira njira ya mafuta pa pampu. Choncho imapitiriza kuyenda mokoma, madzi ataleka kale kuzungulira. Zizindikiro zake ndi kanyali kofiira ka batire kamene kamayaka pamaso pa dalaivala, ndi kamuvi ka kutentha kamene kamayamba kukwera. Woyendetsa wonena kuti, "Tikaonera pa Lungwena," angathe kukafikadi pa Lungwena, koma mutu wa injini utang'aluka. Kanyali kameneko kakayaka, poimira mpomwepo.

Tsono nchifukwa ninji gudumu lachitsulo, losakhudza pansi, limaonongeka? Yankho lili m'kapangidwe kake. Pa magalimoto ambiri a dizilo pule si chitsulo chimodzi ai, koma ziŵiri: chapakati chimene chimagwira kirankishafuti, ndi mkombero wakunja wolemera. Pakati pa ziŵirizi adapanikizapo mphira wolimba, amakaniko amangoti labala. Injini ya mapisitoni anai imaphulitsa mafuta kaŵiri pa kuzungulira kumodzi kulikonse. Ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi, ndiye kuti kirankishafuti ikulandira nkhonya 4,000 pa mphindi imodzi. Ndipo nkhonya za dizilo nzoŵaŵa kuposa za petulo, popeza injini yakale ya dizilo imapanikiza mpweya mpaka utachepa ka 22, pamene ya petulo ya zaka zomwezo imalekeza pa 9 kapena 10. Nkhonya iliyonse imapotokola kirankishafuti pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso. Chitsulocho chimabwerera, nichipotokokanso, nichibwereranso.

Pali liŵiro lina pamene nkhonyazo zimagwirizana ndi kanjenjemeredwe ka chitsulocho. Omvera amene adaseŵerapo katungwe adziŵa kuti mwana wamng'ono angathe kuulutsa mnzake kutali ngati amkankha pa nthaŵi yake, ngakhale akankhe mofatsa. Kirankishafuti nayo ikakankhidwa pa nthaŵi yake kupotokoka kumakula, ndipo chimene chimachitikira waya womupinda uku ndi uku chimaichitikiranso: imatopa, imachita mng'alu, tsiku lina imaduka. Mkombero wolemera uja ndi labala wake adaikidwa kuti asokoneze katungwe ameneyu. Kirankishafuti ikagwedezeka, mkombero umatsalira pang'ono m'mbuyo, labala amatamuka, namwa kugwedezako, nakusandutsa kutentha. Nzeru imeneyi njakale. Katswiri wa ku England, Frederick Lanchester, adalembetsa chipangizo chake chothetsa kunjenjemera kotere mu 1910, pamene ankalimbana ndi injini za petulo. Apo nkuti patapita zaka 13 zokha chiyendere injini ya Rudolf Diesel ku Augsburg mu 1897.

Adani a labala ndi atatu: ukalamba, kutentha ndi oyilo. Injini ya 3L, ya malita 2.8, idayamba kuikidwa m'magalimoto a Hilux mu 1988, ndipo ambiri mwa magalimoto otere adafika kuno atagwira kale ntchito ku Japan kapena ku South Africa. Labala amene adaumbidwa zaka zoposa 30 zapitazo, natenthedwa ndi injini tsiku ndi tsiku, naonjezerapo dzuŵa la ku nyanja la mu Okutobala, sangakhale monga adaliri. Amauma, namachita ming'alu. Oyilo ndiye amachita zosiyana: silo yakutsogolo kwa injini ikayamba kudontha, oyiloyo amaloŵerera mu labala, namfeŵetsa mpaka atatupa ndi kutuluka m'mbali ngati phala. Njira zonse ziŵiri mathero ake ndi amodzi. Mkombero umayamba kutsetsereka pa chapakati, malamba amalira, batire silidzaza, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono pule imaoneka ikuvina, kupendekera uku ndi uku. Ikasiyidwa choncho mkombero umasendera kumbuyo nuyamba kupala chivundikiro cha injini, kapena umasendera kutsogolo nukamenya fani ndi kuboola rediyeta.

Kuyesa kwake nkosavuta ndipo sikulira ndalama. Injini ili chizimire, munthu alembe mzere woongoka ndi choko kapena penti yoyera, kuchokera pa chitsulo chapakati, kudutsa pa labala, kufika pa mkombero. Ayende ulendo umodzi, kenaka akaonenso. Mzere ukakhala uli umodzi, labala akugwirabe. Ukaduka paŵiri, theka lili apa lina lili apo, pule yatha. Pali chifukwa chinanso choyesera chotere. Pa injini zambiri kachizindikiro kamene makaniko amayang'ana poika taimingi kali pa mkombero womwewo. Mkombero ukatsetsereka kachizindikiroko kamanama, ndipo munthu angathe kutha tsiku lonse akusuntha pampu ya mafuta imene inalibe mlandu.

Kuonongeka kwachiŵiri ndiko koopsa koposa, ndipo kaŵirikaŵiri kumayamba ndi dzanja la munthu. Pa nsonga ya kirankishafuti pali kangalande kakang'ono mmene mumakhala kachitsulo konga theka la ndalama yachitsulo, kamene kamaloŵanso m'kangalande ka m'kati mwa pule. Amakaniko amati kakiyi. M'mabuku kamatchedwa ndi dzina la William Woodruff wa ku Hartford, ku America, amene adakatulukira m'zaka za m'ma 1880. Ambiri amaganiza kuti kakiyi kameneka ndiko kamasenza mphamvu yonse yozunguza pule. Si choncho. Ntchito yake nkungoonetsa malo oyenera pamene pule ikhale. Chimene chimagwira ndi bauti ija, imene imafinya pule ndi zonse za kumbuyo kwake kuti zikhale ngati chitsulo chimodzi ndi kirankishafuti. Bauti ikakhwepa ngakhale pang'ono, nkhonya 4,000 zija zimagwera pa kakiyi. Kakiyi kamatafuna kangalande, kangalande kamakula, pule imayamba kugogoda, ndipo kutsogolo kwa injini kumaoneka fumbi lofiira la dzimbiri.

Kodi bauti yotere imakhwepa bwanji? Injini za mtundu wa 2L, 3L ndi 5L, komanso 4D56 ya Mitsubishi, zili ndi lamba wamano wa taimingi amene ayenera kusinthidwa pa nthaŵi yake, ndipo pomusintha pule imayamba yachotsedwa. Wobwezera akakhala ndi sipanala yaifupi, namanga mpaka pamene dzanja lake latopera, galimoto imatuluka m'galaja ili bwinobwino. Mlandu umadzaoneka patapita miyezi, munthu ataiŵala kale amene adagwirapo. Tsono pa injini za lamba, kagudumu kamano koyendetsa lamba wa taimingiyo kali kumbuyo kwenikweni kwa pule, kofinyidwa ndi bauti yomweyo. Kameneka kakayamba kuseŵera, taimingi imasuntha: injini imavuta kulira m'maŵa, imafuka utsi, imasoŵa mphamvu pa chitunda. Kakiyi kakameteka, mavavu amatseguka pa nthaŵi yolakwika, ndipo popeza mu injini ya dizilo mpata wa pakati pa pisitoni ndi mutu ngwochepa kwambiri, mapisitoni amaomba mavavu. Apo nkhani siikhalanso ya pule, koma ya injini yonse. Injini zoyendetsa taimingi ndi magiya, monga TD27 ya Nissan, sizimasulidwa pule kaŵirikaŵiri, choncho vutoli siliziwira msanga, ngakhale nazonso bauti yao ikakhwepa zimatafuna kangalande chimodzimodzi.

Kuonongeka kwachitatu ndi kwa mseu weniweniwo. Mchenga ndi matope a pooloka mitsinje zimaloŵa pakati pa lamba ndi ngalande, nizipala chitsulo ngati sandipepa. Lamba ayenera kugwira ndi m'mbali mwake. Ngalande ikakula amamira, nakhudza pansi, natsetsereka. Pansi pa ngalande pakaoneka pakuŵala ngati kalilole, kukunga lamba sikuthandizanso, kumangopha maberingi a olitaneta ndi a pampu ya madzi.

Ntchito yokonza imayamba ndi kuchotsa waya wa batire, kenaka malamba, fani, ndipo pa magalimoto ena rediyeta yomwe kuti manja apeze malo. Pa injini ya lamba wa taimingi nkwanzeru kuyamba wazunguza injini ndi dzanja kufikira zizindikiro za taimingi zitalunjikana, ndipo bauti ikachoka injiniyo isazunguzidwenso. Vuto loyamba ndi lakuti munthu akapotokola bauti, injini yonse imazungulira naye pamodzi. Pa chitsulo chapakati cha mapule ambiri pali timabowo ta mazinga. Woocherera zitsulo aliyense wa pa msika angathe kuboola chitsulo chachitali chafulati kuti chimangidwe m'timabowo timeneti, mbali ina itsamire pa chasisi. Chimenecho ndicho chogwirira chabwino. Njira ina nkuchotsa sitata ndi kutsekereza mano a flywheel. Ina nkuika galimoto m'giya yomaliza, wina ataponda buleki kolimba. Pa injini zochuluka bautiyi imamasukira kumanzere monga mabauti ena onse.

Pali chizoloŵezi china chofala m'magalaja a pansi pa mtengo: kutsamiritsa sipanala yaitali pa chasisi ndi kugogoda sitata kuti injini imasule yokha bauti. Chimathekadi, koma injini ya dizilo ingathe kulira pomwepo, ndipo sipanala ikapulumuka imauluka ndi mphamvu yothyola mkono. Wochita zotere asanachotse waya wotsekulira mafuta pa pampu akuika moyo wa mnyamata wake pachiswe. Moto wa gasi nawo suyenera kufika pa bauti imeneyi, chifukwa umapsereza labala ndi silo.

Bauti ikachoka pule siigwa yokha. Pali chokokera chake, chimene amakaniko amachitcha puller, ndipo choyenera ndi chija chomangidwa ndi mabauti m'timabowo ta chitsulo chapakati. Chokokera cha zala zitatu chogwira kunja chimasolola mkombero pa labala, motero chimapha pule imene inali yamoyo. Hamala ndi chitsulo chosendera matayala zimathyola milomo ya ngalande, popeza mapule ambiri ngachitsulo chosungunula, chonga cha miphika ya miyendo itatu, chimene sichipindika koma kusweka.

Pule ili m'manja, makaniko wabwino safulumira kuthamangira kusitolo. Amayamba wapukuta nsonga ya kirankishafuti, naiyang'anitsitsa pa kuŵala. Kakiyi katsopano kayenera kuloŵa m'kangalande mothina, kochita kugogoda pang'ono. Kakamagwedera ndi chala, kangalande kadyeka. Amayang'ananso mazinga a m'kati mmene mumaloŵa bauti, nkhope ya pule pamene pamakhala washala, ndi silo. Pa injini za magiya kapena tcheni silo imayenda pa khosi la pule lenilenilo, ndipo pakapita zaka imakumbapo kamzere komveka ndi chikhadabo. Pule yotere imadonthetsa oyilo ngakhale silo ikhale yatsopano, pokhapokha khosilo litavekedwa kachitsulo kopyapyala kopangidwira ntchito yomweyo. Kuika pule yabwino pansi pa silo yodontha nkuyambiranso ulendo womwe uja.

Apa ndi pamene pamabwera chiyeso. Mwini galimoto ali ndi matumba a usipa pa gombe, ogula akudikira ku Limbe, sitolo ya zipangizo ili makilomita 100 kuchokera pamene waima. Mau amene amamveka ngakuti, "Achimwene, ingoocherani mkomberowo, ndikagula ina ndikabwerako." Makaniko wodziŵa ntchito yake amayankha kuti, "Bambo, ndiocherera kuti mukafike pa boma, koma osati kuti muziyendera." Kusiyana kwa mau aŵiriŵa nkwakukulu. Mkombero ukaocheredwa ku chapakati malamba amazunguliradi, batire limadzaza, injini imazizira, ndipo mwini wake amaona ngati wapulumutsa ndalama. Koma labala uja wachotsedwa pa ntchito, ndipo kupotokoka konse kwabwerera mu kirankishafuti. Kuonjezera apo, chitsulo chosungunula sichimvana ndi ndodo wamba zoocherera. Chimang'aluka m'mbali mwa chilonda. Ndiponso nkovuta kuocherera mkombero uli pakati penipeni, ndipo ukapendeka pang'ono umagwedeza injini ndi kudya beringi yakutsogolo.

Kunena zoona, munthu amene wagona m'tchire ndi wodwala m'galimoto sangadzudzulidwe chifukwa choocherera. Koma azichita pule itachotsedwa pa injini, chizindikiro cha taimingi atachibwezera pamalo pake, aocherere timadontho totalikirana mofanana mozungulira, ayende pang'onopang'ono, ndipo akafika pa boma aichotse. Chimene sichiyenera kuchitika mpang'ono pomwe ndi kuocherera pule ku kirankishafuti yeniyeniyo pofuna kuthana ndi bauti yokhwepa. Magetsi a makina oocherera amadutsa m'maberingi naŵasiyira zipsera, kutentha kumapsereza silo, ndipo tsiku losintha lamba wa taimingi likadzafika palibe amene adzachotse pule imeneyo popanda kudula.

Mankhwala enieni a labala wotha ndi pule ina. Labala ameneyu adapanikizidwa ku fakitale ndi makina amphamvu, ndipo chubu cha njinga kapena guluu sizingaloŵe m'malo mwake. Yatsopano ikapezeka ndiyo yabwino. Ambiri amagula yakale m'misika ya zitsulo za magalimoto pa boma la Mangochi, ku Limbe kapena ku Ndirande, ndipo apa mpofunika maso, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula anyamule pule yake yakufayo, aziike ziŵirizo pamodzi pa thabwa losalala. Kukula kwake kufanane, ngalande zikhale zochuluka chimodzimodzi ndiponso pa msinkhu umodzi, bowo lapakati lifanane, chizindikiro cha taimingi chikhale pamalo pomwepo poyerekeza ndi kangalande ka kakiyi. Injini za dzina limodzi zimasiyana mapule malinga ndi chaka ndi mtundu wa galimoto. Ya minibasi ingathe kusiyana ndi ya pikiapu. Akanikize labala ndi chikhadabo mbali zonse ziŵiri: wouma ngati khungwa, wong'aluka kapena wonona ndi oyilo, ameneyo watsala pang'ono. Pule yopakidwa penti yakuda yatsopano mpaka pa labala iyenera kufunsidwa mafunso ambiri.

Kangalande ka kirankishafuti kakadyeka, nkhani imakula. Kakadyeka pang'ono chabe, kakiyi katsopano pamodzi ndi mankhwala olimbitsa zitsulo ogulitsidwa m'timabotolo, kuonjezapo bauti yomangidwa moyenera, zingathe kukhala zaka, popeza monga kwanenedwa kale wogwira ndi bauti. Kakiyi kosula kuchokera ku msomali kapena ku bauti yakale sikakhala mothina ndipo sikalimba. Kangalande kakachita kukumbika mbali imodzi, kirankishafuti iyenera kutuluka mu injini ndi kupita kwa amisiri a makina osemera zitsulo, amene amadzaza malo odyekawo ndi kusemanso, kapena kusema kangalande katsopano mbali ina ndi kusuntha zizindikiro za taimingi molingana. Amisiri otere ambiri ali ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera kwa Makanjira. Galimoto imakhala pa miyala masabata angapo, nsomba zikukwera magalimoto a ena. Poŵerengera mtengo wa bauti yatsopano ndi wa sipanala yoyenera, mwini galimoto aziŵerengera pamodzi ndi masabata ameneŵa.

Pobwezera, zonse zikhale zoyera ndi zouma: nsonga ya kirankishafuti, bowo la pule, ndi nkhope zofinyana. Pa khosi loyenda mu silo pokha mpamene papakidwe kaoyilo pang'ono. Pule ilunjikitsidwe ndi kakiyi, ikankhidwe ndi manja, ndipo ikathina ikokedwe ndi bauti yaitali ya mazinga ofanana. Kuikhomera ndi hamala kumatumiza nkhonya ku maberingi a m'kati amene amaletsa kirankishafuti kusendera kutsogolo ndi kumbuyo. Bauti imene idayendapo ili yokhwepa itayidwe pamodzi ndi washala wake. Pa injini zina bautiyi idapangidwa kuti izitamuka pang'ono poimanga, ndipo yotere imagwira ntchito kamodzi kokha. Buku la injiniyo limatchula muyeso woyamba, kenaka madigiri oonjezera kupotokola.

Muyeso wa kamangidwe umalembedwa ndi zilembo za Nm, ndipo umasiyana injini ndi injini, ngakhale pa injini imodzi malinga ndi chaka. Pa injini zakale zambiri za dizilo za mapisitoni anai uli pakati pa 150 ndi 250, pamene manati a matayala a pikiapu amamangidwa pa 100 kapena kupitirira pang'ono. Nambala yeniyeni itengedwe m'buku la injiniyo, ndipo bukulo limanenanso ngati mazinga apakidwe oyilo, mankhwala olimbitsa, kapena akhale ouma. Chida chake ndi torque wrench, sipanala imene imalira kuti "tha" muyeso ukakwana. Kuti omvera amvetse kukula kwa mphamvuyi, 200 Nm ikufanana ndi ndowa yodzaza madzi ya malita 20 itapachikidwa kunsonga kwa paipi yotalika mita imodzi, paipiyo itagona chopingasa. Munthu wolemera makilogalamu 60 amafikitsa muyeso womwewo akaika thupi lake lonse pa paipi, pa mtunda wa masentimita 33 kuchokera pa bauti, modekha, osadumpha. Kumene kulibe torque wrench, kuŵerengera kotere nkwabwino kuposa kungoyerekeza. Kukuonetsanso mbali ina ya ngozi: munthu yemweyo akalendeŵera kunsonga kwa paipi ya mita yathunthu wapereka pafupifupi 600 Nm, katatu kuposa zofunika, ndipo bauti yothyokera m'kati mwa kirankishafuti njovuta kuichotsa kuposa yokhwepa.

Malamba abwezeredwe atayang'anidwa bwino. Amene adanyowa ndi oyilo kapena kudyeka m'mbali asinthidwe, ndipo pamene pamayenda aŵiri pamodzi asinthidwe onse aŵiri. Lamba wokungidwa bwino amatsika pafupifupi sentimita imodzi munthu akamkanikiza kolimba ndi chala chachikulu pakati pa mapule aŵiri. Ngati kakiyi kadakhudzidwa, injini izunguzidwe ndi dzanja kaŵiri kathunthu sitata isanagwiridwe, kuti ngati pali vavu yokumana ndi pisitoni imveke pa sipanala, ndipo zizindikiro za taimingi zionedwenso ngati zabwerera pamalo pake.

Injini ikalira, munthu aime chapatali pang'ono, malaya ndi manja kutali ndi fani, ayang'ane pule cham'mbali. Yokhala bwino imaoneka ngati yaima chilili ngakhale ikuzungulira. Kanyali ka batire kazime, chopondera buleki chifeŵe, kamuvi ka kutentha kakhale pakati. Kenaka injini izimitsidwe, mizere iŵiri ya penti yoyera ilembedwe: wina wodutsa pa labala, wina wochokera pa mutu wa bauti kufika pa chitsulo chapakati. Dalaivala amene amatsekula boneti m'mamaŵa kuti aone madzi ndi oyilo aziyang'ananso mizere iŵiriyo, makamaka pa maulendo oyamba a pakati pa Makanjira ndi boma, ndiponso tsiku lililonse limene galimoto yaoloka madzi ofika m'maondo.